Kwa amayi a ku Tsangano: dongosolo lopewera ngozi si la anthu a m'mbali mwa Zambezi okha

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa amayi ena a ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Anthu a m'dera lawo awasankha kulowa m'komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo amva kuti kuboma kuli dongosolo lolembedwa lopewera ngozizi. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Dongosolo limeneli n'chiyani kwenikweni, amalemba ndani, nanga ife akumtunda kuno kumene Zambezi safika tikalankhule chiyani kumsonkhano? Anzanga akuti zimenezi n'za anthu a ku Mutarara."

Amayi, zikomo polemba. Ndiyambira pa mawu a anzanuwo, chifukwa ndi amene andikhudza kwambiri.

N'zoona kuti anthu a ku Mutarara aona zakuda ndi madzi. Zambezi anawasamutsa mu 2001, mu 2007, mu 2008, ndipo namondwe Freddy anawapezanso mu Malichi 2023. Koma tafunsani anzanuwo kuti mtsinje wa Revúbuè umachokera kuti. Madzi ake ndi mvula ya kumapiri kwathu konkuno, ku Angónia ndi ku Tsangano. Kumayambiriro kwa Malichi 2019, namondwe Idai asanafike n'komwe ku Beira, Revúbuè anasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi, mumzinda wa Tete. Mu Januwale 2022, ndi namondwe Ana, mtsinje womwewo unadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo mkulu wa boma la Tete, José Maria Mandere, anafa madzi atakokolola galimoto imene anakwera. Munthu wa ku Chingodzi angagone kunja kuli nyenyezi, osadziwa kuti kumtunda mvula yakhala ikukhuthuka usiku wonse. Inu amene mukuiona mvulayo, amene mukuona mtsinje ukukwera pa mwala umene mumachapirapo, muli ndi uthenga umene iye alibe. Madzi amatenga maola kuti atsike kumusi, pamene foni imafika nthawi yomweyo. A ARA-Centro, bungwe la boma loyang'anira madzi, ali ndi malo awo oyezera madzi m'mitsinje, koma sangakhale pa kamtsinje kalikonse. Choncho ngakhale kwanu kukanakhala kopanda ngozi ina iliyonse, mpando wanu m'dongosololi ukanakhalapobe.

Ndipo kwanu ngozi zilipo, zimangokhala kuti zimatenga anthu mmodzimmodzi, ndiye sizimveka pa wailesi. Chaka ndi chaka, boma likamawerenga amene afa m'nyengo ya mvula m'dziko muno, mphenzi imakhala pakati pa zoyambitsa zikuluzikulu, pamodzi ndi kumira ndi kugweredwa zipupa. Mwana wobusa ng'ombe amathawira pansi pa mtengo wautali umene uli wokha padambo, poti ndi pamene pali pousa, osadziwa kuti ndi pamene mphenzi imakonda. Nyumba ya zidina zosawotcha, yopanda khonde lotchinga, imamwa madzi kutsinde masiku atatu, kenaka n'kugwa usiku anthu ali m'tulo. Denga la sukulu limene malata ake anangokhomera pa mitengo yofumbwa, miyala itasanjikidwa pamwamba, limapita ndi mphepo yoyamba ya Novembala.

Koma chimene ine chimandiopsa kuposa zonse ndi timitsinje tija timawoloka m'chilimwe osavula nsapato. Mu Febuluwale kamtsinje komweko kamabwera kofiira, kakulira, katanyamula mapesi ndi zitsa. Ana akuchokera kusukulu amaima kutsidya, wamkulu n'kuyesa ndi ndodo, n'kunena kuti afika m'mawondo okha. Sadziwa kuti pansi mchenga wakumbika, ndiponso madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa ndi munthu wamkulu yemwe. Mayi woyembekezera amene matenda amuyamba usiku, chipatala chili tsidya lina, ulalo wa mitengo utapita dzulo, ameneyonso ali pa ngozi yogwa mwadzidzidzi, ngakhale dzina lake silidzalowa m'buku la namondwe aliyense.

Tsono dongosololo n'chiyani? Bungwe la boma lalikulu loona za ngozi ndi INGD, limene kale tinkalidziwa kuti INGC. Dzina linasintha potsatira lamulo la nambala 10/2020, ndipo maganizo a lamuloli ndi akuti ntchito isamangokhala yogawa ufa ndi matenti zinthu zitavuta kale, koma yochepetsa ngozi isanagwe. Chaka chilichonse, mvula isanayambe, a zanyengo a INAM amanena mmene akuionera nyengo ya Okutobala mpaka Malichi, ndipo boma limakonza Plano de Contingência, lonena madera amene angavutike, anthu angati, ndi zimene ziyenera kusungidwa pafupi. Maboma ang'onoang'ono ngati Tsangano, Angónia, Macanga ndi Chifunde amakhala ndi gawo lawo. Pansi penipeni ndi pamene pali inu: makomiti a m'midzi, a anthu odzipereka pakati pa 12 ndi 18, ena omvera wailesi, ena ochenjeza, ena osamutsa anthu, ena olemba zowonongeka.

Pali pepala lina limene ambiri a m'makomiti sauzidwa, ndipo kwa ine ndilo lofunika zedi. Ndi PESOD, dongosolo la ntchito ndi ndalama za boma lanu pa chaka. Plano de Contingência limanena zochita madzi akabwera. PESOD ndi mmene mumalowa kamlatho ka simenti, ngalande ya pamsika, mjigo, kukhomanso denga la sukulu. Ofesi yoona za mapulani ndi zomangamanga ndi SDPI, ndipo maganizo a anthu amayenera kukwera kudzera m'makhonsolo a upangiri, kuyambira pamudzi, ku localidade, ku posto, mpaka kuboma. Pepalali amakonza chaka chisanafike. Mukakadandaula za ulalo mu Januwale madzi ali m'khosi, adzakumverani chisoni, koma ndalama za chaka chimenecho zinagawidwa kale. Nthawi yolankhula ndi mukangokolola, fumbi lili kobo, pamene aliyense waiwala za mvula. M'mera mpoyamba, amayi.

Mukalowa mumsonkhanomo, chilichonse chimene chanenedwa muchifunse kuti chichitikira pati, achita ndani, ndalama zake zili pa mzere uti. Dongosolo lonena kuti anthu adzaphunzitsidwa za kuopsa kwa madzi silinanene kanthu. Lonena kuti pa chiwoloko chakuti padzazikidwa mtengo wopakidwa utoto wofiira, madzi akafika pa utotowo aphunzitsi aakulu sadzatulutsa ana, ndipo anawo adzagona kwa anyakwawa a tsidya lomwelo, limenelo ndiye dongosolo. Taonani kuti silinafune ndalama zambiri. Lafuna anthu odziwa malowo, ndi kugwirizana dzuwa likadali kuwala.

N'chifukwa chake ndikupemphani kuti musanapite kuboma muyambe mwayenda m'dera lanu. Tengani agogo awiri atatu amene akukumbukira pamene madzi anafikapo kale, tengani amayi otunga madzi ndi anyamata a njinga zamoto, poti iwo amadziwa pamene msewu umadukira. Jambulani mudzi pansi ndi kamtengo, muike miyala poimira nyumba, phulusa poimira mitsinje, kenaka wina akopere papepala. Mulembe maina a amene sangathe kuthawa okha: nkhalamba zogona zokha, olumala, osamva amene sangamve likhweru kapena chimkuzamawu, amayi amene masiku awo ayandikira. Aliyense wa iwowa akhale ndi munthu wake womutenga, wotchulidwa dzina. Malo othawirako muwaone ndi maso. Kawirikawiri anthu amangoti tidzathawira kusukulu, osafunsa ngati sukuluyo ili ndi zimbudzi zokwana ndi madzi akumwa. Anthu mazana pamalo opanda chimbudzi, kolera sachedwa, ndipo m'chigawo chathu chino tamuona mu 2023.

Mwafunsa za mvula ndi madzi, koma dongosolo labwino limaonanso ngozi zimene timadzipangira tokha, ndipo ife a ku Tete tili ndi zipsera ziwiri zimene siziyenera kuiwalika. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'boma la Moatize, thanki ya mafuta imene inkapita ku Malawi inaphulika anthu ataizungulira ndi zigubu. Anthu oposa 70 anafa, ana ali momwemo, ena ambiri n'kupsa koopsa, ndipo dziko linakhala pa maliro masiku atatu. Sindiwaweruza amene anathamangirako. Umphawi ndi umene umapangitsa chigubu cha petulo kuoneka ngati mwayi. Koma mathanki akudutsabe pa msewu wa N7 kupita ku Zóbuè, magalimoto akuluakulu akudutsa pa N304 kupita ku Calómuè, ndipo midzi ya m'mbali mwa misewuyi iyenera kudziwiratu kuti thanki ikagwa ndani aimbire apolisi, ndani aimirire patali kubweza anthu, makamaka ana. Petulo sadikira kuti muyatse machesi pafupi. Mpweya wake umayenda chapansipansi, ndipo ndudu kapena mbaula ya patali ndithu ikhoza kuuyatsa.

Chipsera china ndi cha ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, mu Januwale 2015. Anthu 75 anafa atamwa mowa wamasese pochokera kumaliro. Masiku oyambirira kunamveka zambiri, ena amati ndulu ya ng'ona, anthu n'kuyamba kulozana zala. Patapita miyezi, kuyeza kunaonetsa kuti inali poizoni yochokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga umene anafululira. Poizoni ya mtundu umenewo siitha ndi kuphika. Ufa umene wanyowa n'kukhalitsa, kapena chimanga chowola cha m'nkhokwe yodontha, anthu amati n'chosayenera nsima koma mowa chitha. Komiti yanu ikhoza kuletsa zimenezo popanda kupempha ngakhale metikali imodzi. Ikhozanso kugwirizana ndi achipatala kuti anthu atatu anayi akadwala mofanana atadya kapena kumwa pamodzi, uthenga upite tsiku lomwelo, ndipo chotsalacho chisungidwe kuti chikayezedwe, chisatayidwe.

Onjezanipo lupsa la mu Seputembala, loyatsidwa pofuna mbewa, limene limathera pa nkhokwe ya munthu. Onjezanipo mankhwala opopera mbatata ya kachewere ndi fodya, amene ambiri timasunga m'mabotolo a zakumwa, pansi pa bedi, pamene mwana amafikira.

Za chilala ndinena pang'ono. Chimapweteka kwambiri kumunsi, ku Changara, Marara ndi Mágoè, monga zinachitikira ndi El Niño, nyengo yochepetsa mvula, mu 2016 ndi mu 2024. Koma kumunsi kukauma, ogula amakwera kuno ndi masikelo mwezi wa Meyi, chimanga chimatuluka pamtengo wozizira, ndipo pofika Januwale mlimi yemweyo akugula chimanga chodula. Ofesi ya zaulimi, SDAE, ikamva kuti chaka chikubwera n'chouma, uthengawo uyenera kufika m'midzi anthu asanagulitse, osati atagulitsa.

Pali chinthu chimodzi chovuta chimene mudzakumana nacho, ndipo ndikufuna muchiganizire mofatsa. Nthawi zina njira yokhayo ndi kusamutsa anthu pamalo oopsa. Ku Mutarara boma linatsegula midzi yatsopano kumtunda madzi a 2007 ndi 2008 atapita, koma ena ankabwererabe kuzigwa, ndipo anthu akutali ankawanena kuti ndi osamva. Iwo sanali osamva. Kuchigwa ndi kumene kuli chinyontho, dimba ndi nsomba. Kwanunso mukadzauza munthu kuti asalime m'mphepete penipeni mwa mtsinje, kapena asamange m'munsi mwa phiri lodulidwa mitengo, adzakufunsani kuti adya chiyani. Funso limenelo ndi loona, ndipo dongosolo limene silikuliyankha lidzangokhala m'kabati. Mukhale pansi ndi mafumu, poti malo ali m'manja mwawo, muone ngati munthu angagone kumtunda n'kumalima kumunsi, ndiponso ngati mzere wa nsenjere, bango kapena nsungwi ungasiyidwe m'gombe dimba n'kuyambira kuseri kwake.

Mwina mudzapatsidwa wailesi, malikhweru, chingwe, chimkuzamawu, kapena njinga. Zikhale pamalo odziwika ndi onse, zolembedwa m'kope, ndipo mabatire aziyesedwa Okutobala aliyense. Tsiku lina Loweruka, kunja kuli ngwee, imbani likhweru ngati zenizeni, muone kuti agogo aja afika kumalo othawirako pakatha nthawi yaitali bwanji. Anthu adzaseka poyamba, koma mudzatulukira kuti njira imene munajambula imadutsa pa dambo limene mu Febuluwale silipondeka, ndipo mudzaisintha nthawi ikadalipo.

Kumsonkhano wa kuboma zambiri zidzanenedwa m'Chipwitikizi. Musachite manyazi kupempha kuti akumasulireni, ndipo inu mulankhule m'Chichewa chanu chomwechi, pakuti amene akudziwa pamene mtsinje umadukira ndinu. Pemphani kuti zimene mwanena zilembedwe m'kaundula wa msonkhano, akuwerengereni musanatuluke, ndipo mutenge pepala lanu lodindidwa. Mufunsenso nambala ya foni ya munthu wa INGD wa m'boma lanu ndi ya wina womuimirira, muzilembe pakhoma la sukulu, la tchalitchi ndi la chigayo. Msonkhano wotsatira mukapite ndi pepala lomwelo m'manja, mukafunse mzere ndi mzere kuti kamlatho kaja kafika pati.