Kodi ndalama yothokozera ogwira ntchito m'lesitilanti tiitchule chiyani?

Mayi wina wa ku Ntcheu, amene akukhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, wandilembera motere: "M'nthawi ya mliri wa Covid-19 malesitilanti kuno anatseka malo okhala. Tinkangoitanitsa chakudya pa foni n'kukachitenga pakhomo. Polipira ndinkawonjezera kandalama kothokoza ogwira ntchito, ndipo mpaka lero ndimatero. Nditawauza amayi anga kumudzi kuti ndimapereka ya fanta, anandidzudzula kuti ndayamba ziphuphu. Kodi ndalama imeneyi dzina lake n'chiyani m'Chichewa?"

Mayi, amayi anu sanamve molakwika. Kale mawu akuti "ya fanta" kapena "ya sopo" anali oyera ndithu: munthu wakunyamulira katundu, iwe n'kumupatsa kanthu kakuti akatsitsire kukhosi. Koma zaka zino mawuwa amamveka kwambiri pamsewu ndi m'maofesi, ndipo amene amayamba kuwatchula ndi wolandira, ntchito isanagwiridwe n'komwe. Ndalama yopemphedwa ndi munthu amene wagwira mapepala ako m'manja si yothokozera ayi. N'chifukwa chake munthu wamkulu akamva "ya fanta" amaganiza za chiphuphu.

Mawu amene ine ndimalimbikitsa ndi akuti kufupa, amene madera ena amati kusupa. Amayi anu amawadziwa bwino. Gule akavina mokoma pabwalo, kaya ndi chilombo cha gule wamkulu, kaya ndi amayi a chimtali, munthu amatuluka m'gulu n'kukaponya ndalama. Palibe amene wamukakamiza, ntchito waiona kale ndi maso ake, ndipo amapereka poyera anthu onse akuona. Chiphuphu chimaperekedwa mobisa kuti munthu akhotetse chilungamo, pamene mfupo umaperekedwa chifukwa munthu wagwira bwino ntchito yake. Choncho mukaimbanso foni munene kuti, "Amayi, kuno ukagula chakudya umawafupa amene akukonzera." Onani kuti mneni ameneyu amalunjika kwa munthu: timafupa wovina, timafupa woperekera zakudya. Sitinena kuti "ndafupa ndalama kwa mnyamata uja", timati "ndamufupa mnyamata uja".

Mawu ena amene anthu amayesa sakwana. Mphatso ndi yotambalala kwambiri, chifukwa imaperekedwa ngakhale kwa munthu amene sanakugwirire ntchito iliyonse. Chipondamthengo chimapita kwa sing'anga asanakafune mankhwala, choncho chimatsogola, pamene ndalama yathuyi imabwera pambuyo. Malipiro ndi udindo wa bwana.

Koma ndikufuna amayi anu amvetse chinthu china chimene mawu akuti kufupa paokha sangawauze. Wovina pabwalo akapanda kufupidwa sagona ndi njala. Ku America zinthu sizili choncho. Lamulo la boma lalikulu kumeneko limalola mwini lesitilanti kulipira wantchito wolandira ndalama zothokozera $2.13 yokha pa ola, ndipo chiwerengero chimenechi sichinasinthe kuyambira 1991. Malipiro otsikitsitsa a antchito ena ndi $7.25 pa ola. Bwana amayenera kukwaniritsa zoperewera ngati zothokozerazo sizinafike pamenepo, ndipo zigawo zina, monga California, zimalamula kuti woperekera zakudya alandire malipiro athunthu. Komabe m'malo ambiri lendi ndi chakudya cha ana zimachokera m'dzanja la ogula, amene mwachizolowezi amawonjezera madola 15 mpaka 20 pa madola 100 alionse akadyera pomwepo.

Mu Malichi 2020 mipando itatsekedwa, anthu omwewo amene ankadalira matebulo anayamba kulongedza chakudya m'mabokosi, kuyankha mafoni ndi kuthamangira ku magalimoto oima panja, akukumana ndi anthu ambirimbiri pamene katemera kunalibe. Mliri usanabwere, ambiri sankawonjezera kanthu pa chakudya chonyamula, poganiza kuti palibe amene wawaperekera. Ine ndikuona kuti m'masiku amenewo maganizo otere anali olakwika, ndipo inu munachita bwino kupereka. Muwafotokozere amayi kuti kumeneko mfupo uli ngati gawo la malipiro. Akamva zimenezo sadzakudzudzulaninso.

Bambo wina wa ku Mangochi, amene amaperekera zakudya m'makomo pa njinga yamoto ku Johannesburg, wafunsa kuti: "Ife kuno timangoti tipu. Kodi ndikalemba choncho ndikuwononga Chichewa? Nanga ndinganene kuti basela?"

Achimwene, simukuwononga kanthu. Chichewa chinalandira kale sukulu, buku, foni ndi galimoto, ndipo sichinafe. Chofunika n'chakuti mawu obwereka atsatire malamulo a pakhomo pano. Tipu imayenda ngati galimoto: timati "tipu yanga", "tipu yochepa", ndipo zikachuluka timati "matipu anga", monga mmene timanenera "magalimoto anga". Pakati pa anzanu a njinga nenani tipu, aliyense amva. Polankhula ndi agogo kumudzi nenani kufupa.

Basela ndiye ayi. Basela amachokera kwa wogulitsa kupita kwa wogula: mwagula mulu wa tomato pamsika, mayi uja n'kukuikirani awiri pamwamba kuti mudzabwerenso mawa. Tipu imayenda mobwerera, kuchoka kwa wogula kupita kwa wogwira ntchito. Mukanena kuti "kasitomala wandipatsa basela", Mchewa aganiza kuti inu ndi amene mumagula.

Ntchito yanuyo ndimailemekeza. Dziko la South Africa litatseka zonse pa 27 Malichi 2020, ngakhale chakudya chophikaphika cha m'malesitilanti sichinkaloledwa kugulitsidwa. Mu Meyi boma linalola kuti chiziperekedwa m'makomo, ndipo anthu a njinga ngati inu ndi amene anayenda m'misewu ena atadzitsekera m'nyumba. Kumeneko chizolowezi cha m'lesitilanti ndi ma rand 10 pa ma rand 100 alionse, ndipo sindikuona chifukwa choti wobweretsa chakudya pakhomo alandire zochepera pamenepo.

Aphunzitsi ena a ku Zomba andifunsa zinthu zitatu za kalembedwe: mliri kapena mlili, woperekera kapena operekera, komanso ngati "peresenti" ndi Chichewa.

Aphunzitsi, lembani mliri. Lamulo la kalembedwe kathu limati r amabwera pambuyo pa i ndi e, pamene l amakhala m'malo ena onse. Ndiye chifukwa chake timalemba kulira koma kulola, kuperekera koma kupatula. Pakamwa ambiri sitisiyanitsa, koma papepala tiyenera kutero.

Woperekera ndi munthu mmodzi, operekera ndi ambiri, kapena mmodzi amene tikumupatsa ulemu. Vuto lafala kwambiri pa Facebook ndi pa WhatsApp, pomwe anthu amalemba kuti "mtsikana operekera zakudya". Mtsikana ndi mmodzi, choncho ndi "mtsikana woperekera zakudya". Ana asukulu akazolowera kutaya w ameneyu, amavutika kudziwa ngati chiganizo chikunena za munthu mmodzi kapena gulu, choncho musatope kuwakonza.

Peresenti yalowa ndithu, ndipo pa wailesi timaimva tsiku ndi tsiku. Koma pofotokozera munthu amene sanazolowere masamu a m'kalasi, kunena kuti "K10 pa K100 iliyonse" kumamveka msanga kusiyana ndi "10 peresenti". Chimene sindigwirizana nacho ndi kulemba kuti "magawo khumi" n'kusiyira pomwepo. Magawo khumi a chiyani? Muzimaliza: magawo 10 pa magawo 100 alionse.

Funso lomaliza lachokera kwa mtsikana wina wa ku Leeds ku Britain, amene anakulira ku Blantyre. Akuti amafuna kuuza woperekera zakudya kuti asabweze ndalama yotsala, koma akanena kuti "sungani chenji" zimamveka zachilendo m'kamwa mwake.

Mwana wanga, khutu lako lakuuza zoona. Kwa Mchewa kusunga ndi kuyang'anira chinthu cha mwini wake mpaka adzachitenge. Ukauza mnyamata wa m'lesitilanti ku Limbe kuti "sungani chenji", akhoza kukuyembekezera mawa kuti udzatenge ndalama yako. Anthu akwathu amati "chenjiyo ndi yanu", kapena "yotsalayo musabweze". Achikulire amakonda kuchepetsa zimene akupereka, n'kunena kuti "kangachepe aka, achimwene", uku akupereka ndi manja awiri, ngakhale ndalamayo ikhale yambiri. Kuchepetsa kumeneku kumateteza ulemu wa wolandira kuti asaoneke ngati wopemphetsa, ndipo ndikanakonda kuti achinyamata musakutaye.

Poti uli ku Britain, dziwanso ichi. Anthu ambiri atasiya kugwira ndalama zamapepala m'nthawi ya mliri n'kuyamba kulipira pa khadi, panali dandaulo lakuti matipu ena amathera m'thumba la eni malesitilanti. Kuyambira pa 1 Okotobala 2024 lamulo la kumeneko limakakamiza mabwana kupereka matipu onse kwa antchito popanda kudulapo. Choncho ukawonjezera pa khadi, ndalamayo iyenera kufika kwa ophika ndi operekera. Ukabwera kuno kumudzi n'kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nambala imene ukutumizako kawirikawiri imakhala ya mwini malo. Ngati ukufuna kufupa mtsikana amene wakulongedzera nsima ndi chambo, umupatse m'manja, kapena umufunse kuti, "Achemwali, ya inuyo nditumize pa nambala iti?"