Najdorf muisiye kaye, achimwene

Achimwene, mwafunsa opening (ma move oyambira gemu) yoti muphunzire pokonzekera mpikisano wanu woyamba wa chess. Amene akukuuzani kuti muyambe ndi Sicilian Najdorf, opening ya zakuda, sakukufunirani zabwino. Najdorf ankaisewera ndi Bobby Fischer ndi Garry Kasparov, anthu oti ntchito yawo inali chess basi. Ili ndi njira zambirimbiri zoloweza, ndipo mukaiwala move imodzi mfumu yanu imatsala pambalambanda.

Mukakhala ndi zoyera, sewerani Italian: e4, hatchi pa f3, bishopu pa c4, kenako castle msanga (kubisa mfumu kumbali posuntha mfumu ndi rook pamodzi). Ngati kuloweza kumakuvutani, tengani London, d4 kenako bishopu pa f4. Ena amainyoza kuti ndi ya aulesi, koma Ding Liren anagonjetsa nayo Ian Nepomniachtchi pa gemu yachisanu ndi chimodzi ya World Championship ya 2023.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi cha zakuda. Pa mipikisano ya ife osewera wamba, anthu ambiri amabwera atakonzekera kuukira f7 yokha, pawn ya pafupi ndi mfumu yakuda. Ndinaona mnyamata wina, wosewera bwino ndithu, akupakira katundu wake pasanathe mphindi makumi awiri chifukwa cha Fried Liver, msampha woukira f7 ndi hatchi. Zinayenda chonchi (N ndi hatchi, B ndi bishopu, x ndi kudya): e4 e5, Nf3 Nc6, Bc4 Nf6, Ng5 d5, exd5. Mnyamatayo, yemwe anali ndi zakuda, anadya pawn ija ndi hatchi, Nxd5, mnzake nkuponya hatchi pa f7. Mfumu inakokedwera pakati pa bodi, sinabwererenso. Pambuyo pa exd5 yankho lake ndi Na5, osati Nxd5, kuthamangitsa bishopu, pawn imodzi ipite koma inu mupeze mpata. Ngati simukufuna mavuto onsewo, pa move yachitatu sewerani Bc5 m'malo mwa Nf6. Akabwera ndi Ng5, mfumukazi yanu imangoidya hatchiyo.

Musamatulutsenso mfumukazi msanga pofuna Scholar's mate, checkmate ya ma move anayi ya pa f7. Pa mpikisano aliyense amaidziwa, mudzangotha ma move mukuithawitsa.

Lichess, app yosewerera chess pa intaneti, ndi yaulere, mumangolipira bundle, ndipo siidya data yambiri ngati mavidiyo. Sewerani magemu a mphindi 15, osati bullet (magemu a mphindi imodzi kapena ziwiri), bullet imakuphunzitsani kuthamanga musanaganize. Ndipo yesani kusewera pa bodi lenileni musanapite, chifukwa kumeneko lamulo ndi lakuti mukagwira piece muyenera kuisuntha. Foni imazolowetsa dzanja kumangokhudzakhudza, ndipo arbiter, woyang'anira mpikisano, sadzamva zoti munangoiyesa.