Kodi wosunga chimanga kudikira mtengo ndiye wolemera wopusa uja?

Bambo ena ochita malonda a mbewu andilembera pa imelo. Amagula chimanga kwa alimi mu Meyi ndi Juni n'kuchisunga mpaka Januwale mtengo utakwera. Abusa awo atalalikira za wolemera wopusa wa m'fanizo la pa Luka 12:16-21, amene anaganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, mtima wawo sukukhazikika, ndipo akufunsa ngati ayenera kusiya malondawa kuti afunefune chuma chakumwamba.

Bambo, kusunga chakudya pakokha si tchimo. Yosefe anasunga tirigu ku Aigupto kwa zaka 7 za zokolola zochuluka, ndipo anthu ambiri anapulumuka ku njala. Munthu wa m'fanizo lija Yesu sanamudzudzule chifukwa chakuti munda wake unapatsa. Mukawerenga mofatsa zimene ankalankhula mumtima mwake, muona kuti m'malingaliro ake onse munalibe waganyu amene anamulimira, munalibe mkazi wamasiye wa m'mudzimo, munalibenso Mulungu. Munali iye yekha ndi nkhokwe zake. Chimene chinamutsutsa n'chakuti anadzikundikira chuma koma sanali wolemera kwa Mulungu.

Ambiri timaganiza kuti chuma chauzimu ndi chinthu chomvekera mumtima pa nthawi ya mapemphero basi, koma kwa munthu wa ntchito yanu chimaonekera pa sikelo. Mneneri Amosi, pa mutu 8, anadzudzula amalonda a tirigu amene ankalakalaka kuti Sabata lithe msanga atsegule malonda, ochepetsa muyeso, okweza mtengo ndi kunyenga ndi masikelo, ogulitsa ngakhale zinyalala za tirigu. Anthu amenewa Sabata ankalisunga ndithu, ndipo chomvetsa mantha pa nkhani yawo n'chimenecho. Tonse tikudziwa kuti nthawi yokolola mlimi amagulitsa ali pampanipani, fizi ya ana ndi ngongole ya feteleza zili pakhosi, kotero kuti salimbana ndi wogula ngakhale thumba la makilogalamu 50 lionetse 46. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, koma kumidzi yakutali amene amasankha kuitsatira kapena kuinyalanyaza ndi mwini sikelo.

Mbali yogulitsa nayo ili ndi mawu ake. Miyambo 11:26 imanena kuti wokaniza tirigu anthu amamutemberera, pamene womugulitsa amadalitsidwa. Phindu loyenera pa ndalama zanu, mayendedwe ndi mankhwala osungira mbewu palibe angakuletseni. Koma kutseka nkhokwe mu Febuluwale anthu akugona ndi njala, pofuna kuti mtengo ukwererebe, kapena kukongoza thumba limodzi kuti mudzalandire atatu pokolola, kumeneko ndiko kusankha chuma m'malo mwa Mulungu, ngakhale chakhumi chitaperekedwa chokwanira. Ine ndimadabwa kuti m'mipingo yathu timalalikira kwambiri za chopereka kusiyana ndi mmene ndalamazo zinapezekera.

Za kusadalirika kwa chuma sindichulutsa mawu, pakuti mumazidziwa kuposa ine. Nankafumbwe amasandutsa chimanga gaga chili m'thumba, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. N'chifukwa chake Paulo, pa 1 Timoteo 6:17-18, sauza olemera kuti ataye katundu wawo, koma kuti asadzikuze, asadalire chuma chosakhazikika, ndiponso akhale okonzeka kugawira ena.

Choncho malondawo musawasiye. Kayezetseni sikelo yanu, ndipo ngati mukudziwa alimi amene munawapondereza m'mbuyomu, abwezereni monga anachitira Zakeyu. Onyamula matumba muziwalipira tsiku lomwelo, pakuti Yakobo 5:4 amati malipiro okanizidwa amafuula. Ndipo musanatseke nkhokwe chaka chino, patulani matumba amene mudzagulitse pang'onopang'ono m'miyezi ya njala kwa anthu a m'dera lanu, pa mtengo umene munthu wodalira ganyu angaukwanitse.