Kodi kopaletivi ingatichotsedi m'manja mwa abwana?

Kalata imene ndalandira sabata ino yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mayi wina wosoka zovala pa fakitale. Iwo ndi anzawo atopa kulemeretsa munthu amene sanagwirepo singano, ndipo akufuna kuyambitsa kopaletivi, bizinesi imene antchito ake ndiwo eni ake. Akufunsa kuti: kodi zimasinthadi kanthu, kapena tidzangosintha dzina la bwana?

Mayi, mwandikhudza pa bala lakale.

Ine ndinagwira ukalipentala pa kampani ina zaka 9. Ntchito yanga inali miyendo ya mipando. Miyendo yokhayokha, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mpando wathunthu ndinkauona utakwezedwa kale pa lole. Pambuyo pake nditamva zimene Karl Marx, katswiri wa ku Germany wa zachuma, analemba mu 1844, zoti wantchito amasanduka mlendo kwa chinthu chimene wapanga ndi manja ake, ndinangoti ee, ndi ine ameneyu. Mwini mpamba amagula nthawi yako, ndipo chilichonse chotuluka m'nthawi imeneyo ndi chake.

Ndiye tinachoka anthu 12. Tinasonkherana n'kugula makina akale opalira matabwa. Tsiku loyamba kuwayatsa, mkulu wina pakati pathu anatapa utuchi m'manja, kuununkhiza, n'kunena chapansipansi kuti, "Uwu ndi wathu." Misozi inalengeza m'maso mwake. Sindidzaiwala.

Zaka 3 zisanathe tinali titabalalika.

Anthu amathamangira kufunsa kuti anaba ndani. Poyamba panalibe wakuba. Chinayamba ndi kutopa. Msonkhano unkachitika tikaweruka, misana ikuwawa, ndiye wina ankati, "Awapampando akudziwa zonse, tiyeni tizipita." Kenaka buku la ndalama linalowa mu dilowa yawo, kiyi m'thumba mwawo. Mmene tinkadzidzimuka, iwo okha ndi amene ankadziwa makasitomala ndi ngongole zathu. Titawapanikiza anatifunsa kuti, "Munali kuti miyezi yonseyi?" Tinasowa poyankha. Katswiri wina, Robert Michels, anazilemba kale mu 1911 ataona zipani za anthu apantchito ku Germany: gulu lililonse, ngakhale loyamba mwa demokalase, limapendekera m'manja mwa ochepa amene agwira mapepala. Ife tinabereka bwana wathu tokha.

Koma pamenepa ndikane kwamtuwagalu anthu amene amati, mwaona, munthu ndi wadyera, popanda bwana palibe chingayende. Bodza limenelo. Ku Rochdale, ku England, anthu 28, ambiri a iwo owomba nsalu, anatsegula sitolo yawo mu 1844 ndi lamulo loti membala mmodzi voti imodzi, kaya waika zambiri kaya zochepa. Lamulo limenelo likuyendetsabe makopaletivi padziko lonse. Ku Mondragón, m'dera la Basque ku Spain, ophunzira asanu a wansembe José María Arizmendiarrieta anayamba mu 1956 kupanga mbaula za palafini. Lero gulu limenelo lili ndi antchito masauzande makumimakumi, banki yawoyawo ndi yunivesite.

Komabe nawonso msika sunawasiye. Mu 2013 fakitale yawo ya Fagor, yopanga mafiriji ndi makina ochapira, inagwa ndi ngongole. Mamembala ambiri anapatsidwa malo m'makopaletivi ena a gululo, zimene kampani wamba sichita. Koma antchito a m'mafakitale ake a ku Poland ndi ku France sanali mamembala, anali olembedwa ntchito basi. Zimandiwawa kunena, koma ndi zoona: kopaletivi imagulitsa pa msika womwewo, ndipo ikapanikizika imatha kuchitira ena zomwe inathawa.

Ndipo boma lisakupangireni. Ku Tanzania, Ujamaa wa pulezidenti Julius Nyerere, umene unali ndondomeko yoti anthu azikhala ndi kulima pamodzi m'midzi, unayamba ndi mtima wabwino mu 1967, koma pofika 1973 anthu ankasamutsidwa mokakamiza kupita m'midzi yatsopano, ndipo mu 1976 boma lomwelo linathetsa mabungwe a makopaletivi. Umodzi wochita kulamulidwa suphuka.

Amene ndikanakonda kumudziwa tisanagule makina aja ndi Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma, mu 2009. Anafufuza asodzi, alimi othirira ndi osamalira nkhalango, n'kupeza kuti magulu okhalitsa amadziikira okha malamulo, amayang'anirana, ndipo chilango chimayamba chaching'ono n'kumakula. Ife tinkaona ngati kufunsa malisiti ndi kunyoza mnzako. Manyazi amenewo ndi amene anatidya.

Nanga mutani?

Yambitsani, mayi. Kusiyana kulipo, chifukwa bwana wa kopaletivi mungathe kumuchotsa ndi voti. Koma musanagule makina ngakhale amodzi, lembani malamulo: wapampando asapitirire zaka ziwiri, ndalama zituluke ndi siginecha za anthu awiri, buku liwerengedwe mokweza mwezi uliwonse, msonkhano uchitike nthawi ya ntchito osati mutaweruka. Wolembedwa ntchito aliyense akhale ndi njira yodzakhala membala. Ndipo musasiye ku fakitale musanapeze amene adzagule zovala zanu zoyamba. Mukawapeza, mundilemberenso.