Makina Sanaone Vuto, Nanga Mutu Sukulekeranji?

Funso: Mwana wanga wa zaka 16 anagwa pa njinga yamoto ya kabaza masabata atatu apitawo, ndipo anamenyetsa mutu pansi n'kukomoka kwa mphindi zochepa. Kuchipatala anamuunika m'mutu ndi makina a CT natiuza kuti palibe chovuta. Koma mpaka lero akudandaula mutu, dzuwa limamuthobwa m'maso, ndipo akawerenga tsamba limodzi amaiwala zimene wawerengazo. Bambo ake akuti akungozemba sukulu. Kodi n'zoona? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, pepani ndi ngoziyo, ndipo bambowo muwauze mwaulemu kuti mwanayo sakunamizira. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro za kugwedezeka kwa ubongo, kumene madokotala amati concussion. Kugwedezekaku amakuika m'gulu la kuvulala kochepa potengera muyeso woona mmene wodwala akuzindikirira zinthu wotchedwa Glasgow Coma Scale, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza mu 1974: wodwala amene wapeza mapointi a pakati pa 13 ndi 15 pa muyesowu, komanso sanakomoke kupitirira mphindi 30, amakhala m'gulu limeneli.

Mawu akuti "kochepa" ndi amene amasokeretsa anthu. Makina a CT amafufuza magazi otayikira m'mutu ndi fupa losweka, koma timitsempha tonyamula mauthenga mu ubongo, timene timakokeka mutu ukagunda mwadzidzidzi, n'tating'ono kwambiri moti sitioneka pachithunzicho. Kafukufuku wa TRACK-TBI wa ku United States anapeza mu 2019 kuti pafupifupi theka la akuluakulu amene anafika kuchipatala atavulala chonchi anali asanabwerere mwakale patatha chaka chathunthu. Achinyamata ambiri amachira pasanathe mwezi umodzi, choncho masabata atatu si chifukwa chotayira mtima.

Kale malangizo anali ogoneka wodwala m'chipinda chamdima kufikira mutu utaleka, koma ofufuza anaona kuti kugona masiku ambiri kumachedwetsa kuchira. Akatswiri amene anakumana ku Amsterdam mu 2022 anagwirizana kuti munthu apume tsiku limodzi kapena awiri, asamayang'anitsitse foni pa masiku amenewo, kenako ayambe kuyendayenda pang'onopang'ono. Pa kafukufuku wina wa mumzinda wa Buffalo ku United States, achinyamata ovulala chonchi amene ankachita masewera opepuka olimbitsa thupi anachira m'masiku pafupifupi 13, pamene anzawo amene ankangodziwongola anatenga masiku 17.

Mwana wanuyo aziyenda wapansi m'mawa dzuwa lisanakule, aziwerenga mphindi zochepa n'kupuma, ndipo mukapemphe aphunzitsi kuti ayambe ndi theka la tsiku. Mpira ndiye ayi kufikira dokotala atamulola, chifukwa kugunda mutu kachiwiri ubongo usanapole n'koopsa kuposa koyamba. Mwezi ukatha zinthu zisanasinthe, bwererani naye kuchipatala. Koma akayamba kusanza mobwerezabwereza, kuwodzera mosadzutsika, kulankhula mosamveka, kugwa ngati wakhunyu kapena kufooka mkono kapena mwendo, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye usiku womwewo.