Ulendo wa ku Likoma pakati pa semesita: nditengeko pa mpamba?

Alangizi, ndine mtsikana wa chaka chachitatu pa koleji ina ku Mzuzu. Ndimagulitsa zovala za kaunjika kuhositelo. Mpamba wanga ndi K200,000 ndipo zikayenda bwino ndimapeza phindu la K20,000 pa sabata. Semesita ino yatipanikiza kwambiri, ntchito za m'kalasi zikungounjikana, tulo n'tochepa. Tilipo asanu ndipo tagwirizana zokapumulako ku Likoma masiku atatu, tikafikira kwa azakhali a mnzathu mmodzi. Aliyense asonkhe K120,000, koma ine ndasunga K45,000 yokha. Kodi nditengeko K75,000 pa mpamba, kapena ndikongole kwa mnyamata wina wa pasukulu pano amene akuti ndidzabweze K112,500 pakutha pa mwezi? Anzanga akuti ndikakaoda usipa kumeneko ndalamayo ibwerera. Mayeso omaliza tidzamaliza pakatha masabata 9. Sindikufuna kutsala ndekha.

Achemwali, kutopa kumene mukunenaku sindikukupeputsa. Munthu amene akuwerenga usiku, masana n'kumayenda ndi chikwama cha zovala chipinda ndi chipinda, mutu umafika pokana. Ndipo Likoma ndi malo oti mwana aliyense wa m'dziko muno akawaone ndi maso ake: tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, milambe ponseponse, madzi oonekera mpaka pansi, mapiri a ku Mozambique ali poteropo. Ndikufuna mukafikeko. Koma ndalama ziwiri zimene mwatchulazo, ya mpamba ndi ya ngongole, musayendere.

Tisanafike pa ndalama, tiyambe ndi sitima, chifukwa masiku atatu anuwo ndikuwakayikira. Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, imadutsa pa Likoma kamodzi pa sabata popita kumpoto, kamodzinso pobwerera kummwera. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yonyamuka pa Nkhata Bay Lolemba usiku, kudzera pa Chizumulu n'kufika pa Likoma Lachiwiri, ndipo yobwerera nayo mumaikwera Loweruka n'kufika pa Nkhata Bay kukucha Lamlungu. Werengani nokha. Imeneyo ndi sabata yathunthu ya maphunziro, pakati pa semesita imene inu nomwe mukuti yakupanikizani. Mabwato ena alipo oyenda masiku ena, koma panyanja nthawi imalamulidwa ndi mphepo. Mwera ukakalipa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, anthu amagona pagombe kudikira kuti nyanja ikhale bata. Choopsa kwa mwana wasukulu n'chakuti akaona kuti mawa ali ndi mayeso, amakwera bwato lililonse lopezeka, ngakhale lodzaza mpaka m'milomo. Zimenezo ndiye sindikufuna n'komwe kuzimva. Mmodzi wa inu aimbe kaye foni kudoko la Nkhata Bay, afunse masiku ndi mitengo ya sabata imene mukufunayo, mudziwe chenicheni.

Za mnyamata wokongozayo sinditalikitsa. Ameneyo ndi katapila. Chiwongoladzanja cha K37,500 pa K75,000 ndi theka la ndalama yonse, pa mwezi umodzi wokha, ndipo chikudya phindu lanu la pafupifupi masabata awiri. Mukalephera kubweza pa tsikulo ngongole imabereka ina, ndiye posakhalitsa chikole chimakhala foni kapena laputopu imene mumalembera ntchito za kusukulu.

Kutenga pa mpamba kumaoneka kopepuka chifukwa palibe amene adzagogode pakhomo panu. Apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo. K200,000 ikukupatsani K20,000 pa sabata. Mukachotsapo K75,000 yotsala ndi K125,000, katundu achepa, phindu nalo litsikira cha pa K12,500. Kuti mubwezeretse dzenjelo mufunika masabata ngati 6 osadyako ngakhale tambala ya phindu, pamene phindu lomwelo ndi limene mumagulira ndiwo, sopo ndi bandulo. Onjezani sabata imene mudzakhale kulibe, K20,000 yosalowa m'thumba, ndi makasitomala amene adzagule kwa wina chifukwa chitseko chanu anachipeza chotseka. Palinso china chimene ochita malonda a kaunjika amachidziwa bwino: mtengo wooda sukudikirani. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atadya mpamba poganiza kuti adzabwezera anapeza kuti ndalama yakale siikugulanso katundu wofanana. Choncho ulendo umene pa pepala ndi wa K120,000, kwa inu wabizinesi ukupitirira pamenepo ndithu, pamene anzanu amene amangolandira kuchokera kwa makolo sakutaya kalikonse koposa chosonkhacho. Simuli pa mlingo umodzi, ndipo si chamanyazi kuwauza choncho.

Ndinenepo ndisanaiwale: ngati mumalandira ndalama ya Loans Board, bungwe la boma lokongoza ophunzira, imeneyonso isalowe mu ulendowu. Ndi ngongole imene mudzabweze mukamaliza sukulu, ndipo ikatha msanga, dzanja limabwereranso pa mpamba womwewo.

Za usipa, anzanuwo akulankhula ngati kuti nsomba zimagulitsa zokha. Mtengo wa usipa umasintha ndi mwezi wakumwamba ndi mphepo. Asodzi amaupha usiku ndi nyali, ndiye mwezi ukawala kwambiri kapena nyanja ikawinduka umachepa, mtengo n'kukwera. Mlendo pagombe amamuonera patali, amamutchulira mtengo wake. Usipa wosauma bwino umafika ku Mzuzu utayamba kununkha, wouma kwambiri umafumbutuka m'thumba akauponda m'sitima, ndipo katundu amalipiridwa payekha. Kenako mukaugulitsa kwa yani, pakhomo pa hositelo? Inu malonda amene mukuwadziwa ndi zovala. Ngati mukufuna ulendo ukubwezereniko kangachepe, nyamulani madiresi ndi masiketi osankhidwa bwino, mupemphe azakhaliwo auzeko amayi oyandikana nawo. Pachilumba katundu wambiri amachokera kumtunda, ndiye chovala chabwino chikawapeza pakhomo chimakopa maso. Usipa mugule wa chigoba chimodzi kapena ziwiri, azakhali akusankhireni, ukhale wa ndiwo zanu.

Tsono chimene ndikanachita ndikanakhala inu ndi ichi. Mwatsala ndi masabata 9. Pa phindu la sabata iliyonse patulani K10,000, muisunge pa nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yosiyana ndi imene mumalandirira ndalama za malonda. Pakatha masabata 8 muli ndi K80,000, kuphatikiza K45,000 ija ndi K125,000, mpamba osaukhudza. Mayeso atatha, sabata yonse ya Ilala ija siikusowetsaninso mtendere, mudzakhala pa mchenga wopanda buku lokuitanani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndalama za gulu nazo zimadanitsa anthu amene anali kudyera mbale imodzi. K600,000 si yochepa. Musanasonkhe lembani pamodzi chimene K120,000 ikugula: galimoto ya ku Nkhata Bay kupita ndi kubwera, tikiti ya sitima ndi kalasi yake, chakudya cha masiku onse, ndi ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti. Msungichuma akhale mmodzi, koma uthenga uliwonse wa ndalama yolowa ndi yotuluka auponye pa gulu lanu la WhatsApp tsiku lomwelo. Mugwirizanenso lero kuti wina akasintha maganizo abwezeredwa zingati. Ndipo kufikira kwa azakhali sikutanthauza kuti n'zaulere. Nthaka ya pa Likoma ndi ya mchenga ndi miyala, chimanga chambiri chimabwera pa sitima, ndiye pakamwa pasanu powonjezera ndi katundu wolemera pa banja. Gulani ufa, shuga, mafuta ophikira ndi sopo ku Mzuzu mupite nazo, ndipo ziwerengedwe m'bajeti kuyambira pachiyambi. Aliyense akhalenso ndi ndalama yake yapadera m'manja, yosalowa m'thumba la gulu, yokwanira kudya masiku awiri ngati sitima itachedwa.

Mwati simukufuna kutsala nokha, ndipo ndikuganiza kuti pamtima penipeni pa kalata yanu ndi pamenepa. Auzeni anzanuwo mosabisa kuti mwezi uno simungathe, muwaonetse masiku a sitima, muwapemphe kuti ulendo usunthire kumapeto a mayeso. Sindingadabwe mutapeza kuti wina mwa anayiwo nayenso amafuna kukakongola koma amachita manyazi kunena. Akakana n'kupita okha, zidzakupwetekani masiku ochepa mukamaona zithunzi, koma katundu wanu adzakhala ali chikhalire.

Pakadali pano mutu ukufunikabe mpumulo. Kuchokera ku Mzuzu kufika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50. Loweruka likubwerali nyamukani m'mamawa nonse asanu, mutenge mpunga wophika kale, mukasambe pa gombe la Chikale, mudutsenso padoko mufunse za sitima ndi pakamwa panu, dzuwa lisanalowe mukhale mutabwerera kuhositelo. Ya ulendo umenewo ichokere pa phindu la sabata ino.