Kwa achimwene aja ofunsa ngati kukhutira ndi ulesi

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga, ndawerenganso zonse zomwe anthu akuyankhani m'munsimu. Kwa amene mwangolowa kumene: achimwenewa ndi aphunzitsi a kupulayimale kumudzi, ali ndi mayi akunyumba ndi ana awiri, munda wa chimanga, timbuzi ndi nkhuku. Akuti mtima wawo uli m'malo, koma anzawo a m'tauni ndi a ku Joni akuwanena kuti akugona, alibe masomphenya, atenge loni ayambe geni yaikulu. Ndiye akufunsa ngati kukhutira ndi zomwe uli nazo ndi ulesi.

Si ulesi ayi. Munthu woyang'anizana ndi kalasi yodzaza ana tsiku lililonse, n'kuweruka kukagwira khasu, sangatchedwe waulesi ndi munthu wanzeru. Komabe anzanuwo pali pena pomwe akunena zoona, kungoti akulankhula mokuderererani, ndipo njira yomwe akukulozeraniyo ndi yoopsa. Ine ndine mayi wa geni, ndimagulitsa zitenje ndi ziwiya, katundu wina ndimakapikula ku Kariakoo ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Geni ndimaikonda, yandilerera ana. Choncho musandiyese munthu wodana ndi bizinesi.

Tiyambe ndi moyo wanuwo, chifukwa apa m'pamene mtima wanga ukukuderani nkhawa. Moyo wosalira zambiri ndi wabwino, koma kuno kwathu umagwedezeka msanga ndi zinthu zomwe inu simungaziletse. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Malipiro anu sanakwere tsiku limenelo, koma sopo, mafuta ophikira, shuga ndi thiransipoti zinakwera sabata yomweyo. Feteleza wotsika mtengo wa boma wa AIP anayamba pa K4,495 thumba mu 2020, pofika 2022 anali pa K15,000, ndipo amene sali m'kaundula wa olandira amakagula kusitolo komwe thumba linadutsa kale K100,000. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba m'chigawo cha kummwera, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Anthu omwe anavutika kwambiri m'zaka zimenezi sanali aulesi. Ambiri anali okhutira ngati inu, olima chakudya chokwanira chaka chimodzi chokha, opanda china kumbali.

Onjezani matenda. Kuchipatala cha boma simulipira, inde, koma kangati takhala tikuuzidwa kuti mankhwala kulibe, mukagule ku famase? Wodwala akatumizidwa kuchipatala chachikulu pamafunika thiransipoti, chakudya cha womudikirira, mwezi wathunthu mwina. Ndipo inu pokhala wolandira malipiro pamudzipo, maliro akagwa maso onse amayang'ana kwa aphunzitsi. Funso lomwe ndikanakonda mudzifunse si lakuti ndili ndi masomphenya kapena ayi. Dzifunseni kuti, mvula itakanika chaka chino, mwana n'kudwala mwezi womwewo, malipiro n'kuchedwa, banja langa lingaime miyezi ingati osapita kwa akatapila? Ngati yankho ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, khalani phee, anzanuwo asakusokonezeni. Ngati ndi masabata awiri, mtendere wanuwo ulipo chifukwa tsoka silinakupezeni, ndipo pakufunika kulimbikira kwina.

Koma kulimbikirako sikutanthauza loni. Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndaona aphunzitsi ndi anamwino ambiri akulira nazo. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki akamabwereketsa munthu wamba amaikanso pamwamba pake. Mabungwe ang'onoang'ono obwereketsa ogwira ntchito m'boma amaposa pamenepo, ndipo amadula ndalama yawo kumalipiro inu musanaione n'komwe. Geni iyende isayende, iwo adula basi. Akatapila ndiye sitinena, ena amafuna theka la ndalamayo pamwamba mwezi umodzi wokha. Tsono geni yoyamba kumene, ya munthu yemwe sanagulitsepo ngakhale tomato, ipindule bwanji mpaka kubweza zonsezo, kudyetsa banja, n'kusiyanso mpamba uli wamoyo?

Palinso chinthu china chomwe anthu olimbikitsa anzawo pa Facebook sanena, mwina chifukwa sanapikulepo katundu. Mitengo ikamakwera mwezi ndi mwezi, ukhoza kugulitsa katundu yense, m'buku n'kuoneka kuti wapindula, koma ukabwerera kokaoda n'kupeza kuti ndalama yonseyo, mpamba ndi phindu lomwe, ikugula katundu wochepa kuposa ulendo watha. Ife opita kunja timazimva kwambiri, chifukwa madola kubanki sapezeka, umakasintha pamsika wamseri pamtengo wokwera. Shopu imachepa pang'onopang'ono mwini wake akuganiza kuti akulemera. Amene amapulumuka ndi omwe amakhala pamalopo okha, kusintha mitengo msanga, kudziwa kuti ichi chikuyenda ichi chagona, kukana ngongole ngakhale kwa achibale. Inu mmawa wonse muli m'kalasi. Shopuyo mudzasiyira mphwanu kapena mlamu, ndipo tsiku lomwe ndalama idzasowe mudzataya zinthu ziwiri, mpamba ndi chibale.

Kutengeka ndi zomwe zatchuka nako kwapweteka anthu. Mukumbukira nandolo? Cha m'ma 2015 ndi 2016 mtengo unali wabwino chifukwa India ankagula kwambiri, aliyense kummwera anabzala, ena kuchita kubwereka minda. Mu 2017 India anachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo kuno unagwa pansi, alimi n'kutsala ndi matumba m'nyumba opanda wogula. Panapita zaka mpaka 2021 pomwe maiko awiriwa anagwirizana zoti Malawi azitumiza matani 50,000 pachaka. Alimi ajawo analimbikira ndithu, thukuta linagwa, koma chigamulo chinapangidwa ku New Delhi. Chimodzimodzi njinga zamoto za kabaza lero: mnyamata akagula imodzi n'kupindula, mwezi wotsatira pasiteji pomwepo pali khumi zolimbirana anthu omwewo, mafuta akusowa, ngongole ya njinga ikudikira. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo m'misika yathu zikuchitika tsiku ndi tsiku.

Za ku Joni ndilankhule mwaulemu, chifukwa m'gulu muno muli ambiri omwe muli kumeneko ndipo mukugwira ntchito yolemetsa. Nyumba zamalata zambiri ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay zamangidwa ndi ndalama za kumeneko, ana ambiri aphunzira nazo. Koma chithunzi chomwe mnzanu amatumiza ataima pafupi ndi galimoto sichionetsa chipinda chomwe amagonamo anthu asanu, mantha a mapepala otha ntchito, kapena kutsekeredwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu pomwe nzika zina za kumeneko zinaukira alendo. Ndipo mwana yemwe munamusiya akukwawa mumakamupeza ali Sitandade 4, akukupatsani moni ngati mlendo. Kwa munthu wopanda ntchito, wopanda munda, ulendowo umamveka. Kwa inu amene muli ndi ntchito ya penshoni ndi malo olima, kusiya zonsezo chifukwa cha mawu a anzanu kungakhale kudzipweteka.

Musandimve ngati ndikunyoza anthu a mtima wofuna zazikulu. Dziko lino likuwasowa kwambiri. Taonani bambo Napoleon Dzombe a ku Dowa, omwe anakuza kampani ya Mtalimanja, n'kumanganso chipatala cha Blessings ku Lumbadzi. Anthu angati akudya chifukwa cha ntchito zomwe munthu mmodzi ameneyu anatsegula? Pakanapanda anthu osagona tulo ngati amenewa, ana omwe inu mukuphunzitsawo akadzamaliza sukulu adzalembedwa ndi ndani? Ine ndemwe ndimadzuka kusanache, ndimagona m'basi, miyendo imatupa, koma ndikakhala pakhomo sabata yathunthu osagulitsa ndimadwala. Ndi mmene ndinabadwira. Koma munthu wotere safunsa pagulu ngati ayambe geni, amakhala atayamba kale ndi mandasi khumi ali mwana. Inu mwafunsa chifukwa mtima wanu suli kumeneko, mukungomva manyazi pamaso pa anzanu. Geni yoyamba chifukwa cha manyazi siipirira mwezi woyamba woluza, ndipo miyezi yoluza imabwera kwa aliyense.

Komanso ndani anati kufuna kupita patsogolo n'kugula ndi kugulitsa kokha? Kuchokera 1994 pomwe sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, makalasi anasefukira, aphunzitsi odzipereka ndi osowa, makamaka kumudzi komwe ambiri amakana kukhala. Mwana wa Sitandade 2 akadziwa kuwerenga chifukwa cha inu, ndi ntchito yaikulu imeneyo. Ngati mukufuna kukwera, njira ilipo m'ntchito yanu momwemo: kukonza magiredi a MSCE ngati akuperewera, kufunsira malo kukoleji ya aphunzitsi ya Domasi kapena ya Nalikule, kudzaphunzitsa ku sekondale. Kulimbikira kumeneko sikukusandutsani munthu wina.

Ndiye ndikanakhala mlongo wanu weniweni ndikanakuuzani kuti mulimbikire zaka zingapo kumanga chotetezera moyo womwe mumaukondawo, pogwiritsa ntchito zomwe mukuzidziwa kale. Chimanga musamagulitse nthawi yokolola pomwe mavenda amabwera ndi masikelo awo mtengo uli pansi. Sungani m'matumba a PICS osalowa anankafumbwe, mudye, chotsala mugulitse mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo matumba ena adutse chaka osakhudzidwa. Gawo lina la munda mubzale soya kapena mtedza, zimabwezera chonde m'nthaka ndipo zili ndi msika, chaka chotsatira chimanga pamalo amenewo sichilira feteleza wambiri. Manyowa a mbuzi zanuzo, gaga ndi phulusa, kusakaniza ndi feteleza pang'ono, mwapanga feteleza wa Mbeya uja alimi ambiri apulumukira. Ngati pali dambo pafupi, kadimba ka masamba, anyezi ndi chimanga chachiwisi m'chilimwe kamabweretsa ndalama ya ndiwo ndi sopo, malipiro n'kupuma. Timbuzito tichuluke, chifukwa kwacha yosungidwa pansi pa pilo imasungunuka, pomwe mbuzi imaswa ndipo mtengo wake umakwera limodzi ndi zinthu zina. Banki m'khonde kapena SACCO ya aphunzitsi lowani kuti muzisunga, koma musabwereke kuti mugule sofa kapena foni, ndipo gululo likhale la anthu omwe mumadziwa makomo awo.

Zimenezi ndi ntchito, achimwene, musaganize kuti ndakupeputsirani. Tchuthi chanu chidzathera kudimba. Kusiyana kwake n'kwakuti zikalephereka chaka china mwataya mbewu ndi thukuta, simunataye malipiro a zaka zitatu akudulidwa ndi wobwereketsa. Ndipo zili ndi polekezera. Khalani pansi mulembe: chakudya cha chaka ndi theka, ndalama ya matenda, ya sukulu ya ana akadzafika ku sekondale ndi ku koleji, nyumba yanuyanu yosakhala ya sukulu, chifukwa tsiku lopuma ntchito nyumba ya aphunzitsi mudzatulukamo. Zikakwana zimenezo, yemwe adzakunenani kuti mukugona mudzangomupatsa mpando ndi chimanga chootcha. Anzanga ambiri a geni polekezera alibe. Akagula minibasi akufuna yachiwiri, akamanga nyumba akufuna ya lendi, BP ikukwera, ana akuleredwa ndi antchito, ndipo ukawafunsa kuti zidzakwana liti sayankha. Zimandimvetsa chisoni chifukwa ena mwa iwo tinayamba limodzi pa benchi imodzi, ndipo nthawi imeneyo ankadziwa bwino chomwe ankafunira ndalama.

Chinthu chimodzi sindinachione m'funso lanu. Mwanena kuti inu ndinu wokhutira, mwanenanso zomwe anzanu akunena, koma mayi akunyumba simunawatchule maganizo awo. Moyo wakumudzi umakoma mosiyana kwa bambo ndi kwa mayi. Amene amapita kumjigo m'mamawa, kukafuna nkhuni, kupita kuchigayo wapansi, kudziwa kuti mchere watha pa 20 mwezi usanathe, ndi iwowo. Mwina nawonso ndi okhutira, ndipo ngati zili choncho ndinu odala. Koma mwina iwo ndi omwe ali ndi mutu wa geni m'nyumbamo, akhala akulakalaka kampamba kochepa koti ayambe kuoda usipa kapena kuphika zitumbuwa pasukulu pomwepo, kungoti sanafunsidwepo. Ngati ndi choncho, mpamba wa mbuzi imodzi ukwanira kuyesera, popanda loni, ndipo iwo adzakhala pamalopo okha tsiku lonse.

Kawafunseni madzulo ano, ana akagona. Kenako mubwere mutiuze zomwe ayankha, kukula kwa munda wanu, boma lomwe muli, komanso ngati pali madzi pafupi. M'gulu muno muli alangizi a zaulimi ndi amayi a geni ambiri, tidzakuthandizani kuwerengera kuti muyambire pati.